Mamailosi a Mng'ono Wanga ndi Chikuta cha ku Halifax

Amayi anzanga, amene munafikako ku Dzaleka tsiku Lachiwiri mukudziwa kuti msika wa kumeneko sulira wokulozera njira. Mukangotsika galimoto pa msewu wochokera ku Lumbadzi kulinga ku Dowa boma, muyenera kungotsata madengu ali pamitu ndi njinga zolemedwa ndi matumba. Eni ake amautcha Mardi Marché, ndiko kunena kuti msika wa Lachiwiri m'Chifalansa. Ine ndimapitako kawiri pa mwezi kukagulitsa matimati ndi mbatatesi za gulu lathu la amayi, ndipo pa ulendo umene ndikufuna kukusimbirani unali mwezi wa June, pamene mphepo ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi imalowa mpaka m'mafupa, nkumwaza fumbi lofiira m'maso ndi m'mano momwe.

Ana a masiku ano amadziwa Dzaleka ngati malo a anthu othawa kwawo basi. Ife tinakula tikumva dzinali likutchulidwa monong'ona. Pa nthawi ya ulamuliro wa Dr. Kamuzu Banda panali ndende, ndipo pakati pa amene anatsekeredwamo panali a Mboni za Yehova ambirimbiri. Akuluakulu amati dzinalo linachokera ku mawu a munthu wolapa, akuti “ndidzaleka.” M'chaka cha 1994 boma pamodzi ndi bungwe la UNHCR anasandutsa malowa kukhala msasa. Anakonzera anthu osapitirira 12,000, koma lero alipo oposa 50,000, ambiri a ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Mu 2023 boma litalamula kuti onse amene anali m'matauni abwerere kumsasa, nyumba za zidina zinathithikana koposa, kotero kuti m'tinjira tina anthu awiri osenza zigubu za madzi sangapambane popanda wina kutsamira khoma. Komabe mudzimo muli moyo. Matelala akupalasa makina, chapati ikununkhira, ndipo pa mpope umodzi mungamve Chiswahili, Chirundi ndi Chichewa m'kamwa mwa mwana mmodzi yemweyo.

Kumeneko ndili ndi bwenzi langa la zaka zambiri, mayi wa ku Burundi, wamasiye, amene amatigula matimati a mu lesitilanti yake ya matebulo atatu. Tsiku limenelo sananenerere mtengo. Mayi amene amakangana nane pa tambala iliyonse anangowerenga ndalama nkundipatsa. Ndinadziwa kuti pali nkhani.

“Mayi, mwadzuka bwanji kodi? Nkhope yanuyi si ya masiku onse,” ndinatero.

“Amayi a gulu, khalani pansi,” anayankha. “Mwana wanga uja ali woyembekezera, ndipo masiku ayandikira. Adzamusambitsira khandalo ndani?”

Mwana wawo wamkazi anapita ku Canada zaka zapitazo kudzera ku bungwe la WUSC, limene limatenga achinyamata okhoza bwino m'misasa ngati Dzaleka kukawalowetsa m'mayunivesite a dzikolo. Anamaliza maphunziro, napeza ntchito, nakwatiwa mu mzinda wa Halifax, m'mphepete mwa nyanja yamchere. Tsono imeneyi inali mimba yachisamba. Inu amayi mukudziwa chimene chikuta chili. Ngakhale achipatala achite zonse bwino, wobereka koyamba amafuna munthu wamkulu woti amphikire phala, amuonetse kagwiridwe ka khosi la mwana, amuuze kuti kulira uku nkwa njala, uku nkwa m'mimba, mpaka mchombo utagwa. Mayi ake sakanatha kupita. Munthu wa mumsasa ngakhale kukagona ku Lilongwe amayamba wapempha chilolezo, nanji kuoloka nyanja.

Munthu wamkulu analipo m'dziko lomwelo: azakhali ake a mtsikanayo, amene anasamutsidwira mu mzinda wa Edmonton. Ine poyamba ndinaseka. Ndinati, “Nanga vuto lili pati? Akwere basi, mawa lake afika.” Apo ndi pamene ndinaonetsa kuti sukulu ndinalekera panjira. Kuchokera ku Edmonton kufika ku Halifax ndi mtunda woposa makilomita 3,500 mlengalenga, ngati kuyenda kuchokera ku Chitipa mpaka ku Nsanje kanayi. Dzuwa likamatuluka ku Halifax, a ku Edmonton amakhala akadali ndi maola atatu ogona. Azakhaliwo anali asanakhazikike pa ntchito, ndipo banja latsopanolo ndalama zake zinali zitathera pa nyumba ndi zovala za khanda. Tikiti ya ndege inawakanika.

Ndinabwerera kwathu mtima uli wolemera. Patapita masiku anayi ndinatsikira ku Lilongwe kukaona mng'ono wanga amene ali ndi kasitolo ka nsapato ndi makatani, ndipo pocheza ndinamusimbira nkhaniyi, osati kuti athandize ayi, koma monga timachitira popepusa mtima. Iye anaima kaye kupinda nsalu.

“Akulu, mwina mamailosi anga angagwire ntchito,” anatero.

Ine mamailosi amene ndinkawadziwa ndi aja ankawerenga agogo pouza mlendo kutalika kwa ulendo wa ku Mvera. Awa ndi ena. Tiyerekeze ndi basela. Mukamagula kwa munthu mmodzi nthawi zonse, iye amakuponyerani tomato mmodzi kapena awiri pamwamba kuti mawa musapite kwa mnzake. Makampani a ndege amachita chimodzimodzi, kungoti basela wawo sakupatsani pamanja, amakusungirani m'kaundula. Munthu amalembetsa dzina kwaulere, napatsidwa nambala yake, ndipo nthawi iliyonse akagula tikiti amatchula nambalayo. Mng'ono wangayo wakhala akukapikula katundu ku Guangzhou, m'dziko la China, pa ndege ya Ethiopian Airlines yodzera ku Addis Ababa. Kaundula wa kampani imeneyi amatchedwa ShebaMiles, ndipo ndi yemweyo amene amagwiritsa ntchito a Malawi Airlines, kampani imene inayamba kuuluka mu 2014, momwe a Ethiopian ali ndi magawo 49 pa 100 alionse. Maulendo ake anali atamuunjikira basela wochuluka ndithu, iye osadziwa chochita naye.

Funso langa linali limene inunso mukufunsa: nanga ndege ya ku Ethiopia ikafuna chiyani pakati pa Edmonton ndi Halifax? Yankho analimva kwa mayi mnzake wamalonda usiku wina akudikira ndege ku Addis Ababa. Makampani a ndege ali ndi maubale awo, monga ife tili ndi chipereganyu. Mu 1997 makampani asanu, kuphatikizapo Air Canada, United ya ku America ndi Lufthansa ya ku Germany, anapanga mgwirizano wotchedwa Star Alliance. South African Airways inalowamo mu 2006, Ethiopian inalowa mu 2011, ndipo tsopano alimo oposa 20. Pangano lawo ndi lakuti basela wa kwa mmodzi angathe kukalandiridwa kwa mnzake. Motero mamailosi opezeka pa ulendo wa ku China angagule mpando mu ndege ya Air Canada imene siituluka m'dziko la Canada nkomwe. Koma ubale uli ndi malire ake. Kenya Airways, imene nayonso imatera pa Lumbadzi, ili m'banja lina lotchedwa SkyTeam, ndipo basela wa kumeneko amalandiridwa kwa abale a kumeneko.

Musaganize kuti zinayenda ngati madzi a m'ngalande. Choyamba, mipando imene kampani imapatula kuti igulidwe ndi mamailosi a kwa mnzake ndi yowerengeka. Ndege ingakhale ndi malo ambiri a ogula ndi ndalama, koma a basela atatha. Tsiku limene tinkafuna panalibe, lotsatira lake panalibenso. Tinapeza mpando wa pakati pa sabata, wonyamuka mbandakucha ndi kukasintha ndege ku Toronto, masiku asanu ndi limodzi patsogolo pa tsiku limene tinakonza. Azakhali anavomera, nati kufika msanga kuli bwino kusiyana ndi kupeza mwana atatuluka kale m'chikuta. Chachiwiri, tikiti yotere si yaulere kotheratu. Misonkho ya boma ndi ya mabwalo a ndege imalipidwa ndi ndalama, ndipo inu mukudziwa m'mene ndalama zakunja zavutira kuno chichokere pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 mu November 2023. Mwayi wake mkamwini wa ku Halifax analipira yekha gawo limenelo, pakuti linali laling'ono poyerekeza ndi mtengo wa tikiti yonse.

Chachitatu ndichite manyazi pochinena, chifukwa cholakwa chinali changa. Dzina la pa tikiti liyenera kufanana ndi la pa chiphaso cha wokwerayo, chilembo ndi chilembo. Bwenzi langa ananditchulira dzina la alamu akewo pa lamya, ine ndinalemba pa chikuto cha buku la banki mkhonde. Paja ife Achewa l ndi r timawayesa mapasa. Pamene panali r ndinaika l, malo awiri. Chikhala kuti mtsikana wa ku Halifax sanapemphe kuti aone kaye zonse tisanatsimikize, azakhali akanabwezedwa pa khomo la ndege chikwama chili m'manja, ndipo ine sindikanaondanso ku Dzaleka.

Pano ndiime pang'ono ndilankhule ndi inu a m'tauni. Alipo amayi ambiri amene amuna awo amatumidwa kunja ndi ntchito kawiri katatu pa chaka, enanso amene amapita okha ku Johannesburg ndi ku Dubai kukaoda katundu. Kodi munafunsapo ngati nambala ija inalembetsedwa? Mamailosi sakhala mpaka kalekale, amafumbwa ngati chimanga chosathira mankhwala, ndipo mng'ono wanga atayang'ana bwino anapeza kuti ena akale anali atapita kale. Ndinamudzudzula monga mkulu wake. Mayi amene salola kuti wogulitsa bonya amumane basela, anasiya wa ndege kuti aole! Ndiponso nambala yachinsinsi ya kaundulayo musamapatse anyamata ongodziwana nawo pa msewu amene amati akuthandizani. Pitani nokha ku ofesi ya kampani, kapena mwana wanu wodalirika akutsegulireni pa intaneti inu muli pomwepo.

Ndinabwereranso ku Dzaleka mu August, mphepo itayamba kufunda. Bwenzi langa sanandilole kutsitsa dengu. Anandigwira dzanja kundikokera kuseri kwa lesitilanti, pokwera pang'ono pamene lamya imagwira bwino, ndipo tinadikira kufikira dzuwa litapendeka kuti a ku Halifax adzuke. Pa galasi la lamya panaoneka chipinda choyera, beseni la pulasitiki, ndi azakhali atamanga chitenje m'chiuno, manja awo akusisita kamsana ka mwana wamwamuna wonenepa bwino. Anayamba kulankhulana m'Chirundi, mofulumira, akuseka ndi kulira nthawi imodzi. Sindinamve liwu ndi limodzi lomwe, koma ndinaona gogo watsopanoyo akukweza chigongono chake kuonetsa m'mene mutu wa mwana uyenera kutsamira, ndipo kutali uko azakhali anakonza dzanja lawo.

Tili pomwepo, ndege ya masana inadutsa cha kumadzulo, ikutsikira ku Lumbadzi. Ana amene ankasewera mpira wachikulunga sanaicheukire nkomwe. Bwenzi langa anaitsata ndi maso mpaka inabisika kuseri kwa mabulugama.

“Amayi a gulu, kwa mng'ono wanu kwatsala mamailosi angati?” anafunsa.

Ndinawauza zoona, kuti atsala ochepa, osakwana ngakhale kufika ku Blantyre. Anagwedeza mutu, nalowa m'khitchini, natuluka ndi chapati khumi zokulunga m'pepala, kuti zisanu ndi zanga, zisanu ndikapereke ku Lilongwe. Kenaka anatenga tomato mmodzi m'dengu langa, namutembenuza uku ndi uku, nati matimati a ulendo uno ndi ang'onoang'ono, mtengo wake uyenera kutsika.