Ganyu wojambula agalu

Kwathu kwa Nazombe, mukafuna kudziwa amene sakumwerana madzi m'mudzi, funsani mayina a agalu. Pakhomo lina mupeza Ndamvazanu, kutsidya kwa njira kuli Mudzatopa, kuseri kwa chigayo kuli Alibechisoni. Mayi akayambana ndi mnzake pa mjigo sapita kukamutukwana. Amadikira galu wake aswe, n'kusankha kamwana kamodzi, n'kukapatsa dzina. Kuyambira pamenepo, madzulo alionse poitana galuyo kuti adzadye mkute, uthenga umafika kumene ukupita, mudzi wonse ukumva, koma palibe mlandu woti n'kupita nawo kwa amfumu. Mukanena chiyani kubwaloko? Munthu akuitana galu wake.

Makatuni anga anachokera pamenepo. Anzanga ambiri kuno ku Lakeview amandidziwa ngati mnyamata wa zauphunzitsi amene amajambula agalu m'mphepete mwa kope, koma owerengeka ndi amene akudziwa kuti agaluwo ndi amene amandigulira sopo, bandulo ndi mapepala. Sindinalembedwe ntchito ndi nyuzipepala iliyonse. Ndimajambula, wofuna amagula, wosafuna amaseka n'kudutsa. Kwathu ntchito yotere timaitcha ganyu, ndipo ine sindichita nalo manyazi dzinali. Kusiyana kwake n'kwakuti khasu langa ndi pensulo.

Galu amene ndimajambula kawirikawiri dzina lake ndi Sindiyankha. Dzinalo ndinabwereka kwa galu wa anganga anga, amene anamutcha choncho chifukwa cha mkangano wa malire a munda wa nandolo. Papepala, Sindiyankha ndi wolongolola kuposa aliyense. Ndi galu wa kumudzi weniweni: wofiirira, nthiti zoonekera, khutu limodzi loimirira lina logwa, mchira wopindikira kumsana. Ndinayamba kumujambula ndili kusekondale ya mishoni, kumene manyuzipepala akale ankasungidwa mulaibulale atamangidwa ndi chingwe. Aphunzitsi athu a Chichewa ndi amene anandiuza za Pewani wa Brian Hara ndi Joza wa Vic Kasinja, makatuni amene makolo athu ankawathamangira mu Malawi News. Anandiuzanso za Snoopy, galu wa Charles Schulz wa ku America, amene katuni yake ya Peanuts inatuluka kuyambira 1950 mpaka 2000. Nditamuona Snoopy ndinamusirira mizere yake yochepa, koma moyo wake sunandikhudze. Galu wokhala ndi nyumba yakeyake ndi mbale yakeyake, amene vuto lake ndi kusungulumwa! Sindiyankha vuto lake ndi loti nsima yatha mwana womaliza asanakhute.

Chithunzi chimene chinandipatsa makasitomala oyamba ambiri a inu munachiona. Sindiyankha wakhala pakhomo la banja la Sabata, akuyang'ana m'mbale ya soya pisesi, nkhope ili gwa, akufunsa kuti: "Nyama yanji yopanda fupa?" Chapatali, galu wa anebawo akudutsa atanyamula fupa la nkhumba, ndipo Sindiyankha akumuyang'ana cham'mbali ngati munthu woganiza zosintha mpingo. Ndinachiika pa Facebook Lamlungu m'mawa. Pofika Lachitatu chinali chitandibwerera pa WhatsApp kuchokera kwa amalume anga a ku Johannesburg, amene ananditumizira kuti ndisekeko, osadziwa kuti wojambula ndi mphwawo. Dzina langa, limene ndinalemba pansi pakona, wina anali atalidula.

Apa ndi pamene pali kulira kwa ganyuyu. Katuni imayenda msanga kuposa mwini wake, ndipo ikayenda sibweretsa kalikonse. Amene amalipira ndi ochepa: mwini sitolo ya mankhwala a ziweto wofuna chithunzi chapakhoma, mayi wogulitsa tiana ta agalu ku Blantyre, kampani yaing'ono ya alonda, nthawi zina munthu wofuna kuseketsa mnzake pa tsiku lake lobadwa. Timagwirizana pafoni, ndimajambula ndi pensulo, n'kudutsitsa bolopeni yakuda, n'kutola chithunzicho ndi kamera ya foni pafupi ndi zenera dzuwa lisanapendeke. Ndalama imabwera pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ikabwera. Pali mawu amodzi amene ndawamva kambirimbiri: "Aise, si kagalu chabe aka?" Inde ndi kagalu, koma kuti khutu lija ligwe mosonyeza kukhumudwa osati kudwala, ndang'amba mapepala anayi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa mapepala ndi bandulo unakwera nthawi yomweyo, koma mtengo wa kagalu m'maganizo mwa ogula sunasunthe. Masiku ano ndimapempha theka ndisanagwire pensulo, ndipo dzina langa ndimalilemba pa kolala ya galu kapena m'kati mwa mchira, poti wodula adule galuyo. Ena amafuna ntchito yawo Loweruka m'mawa. Ndimawauza kuti dzuwa likalowa Lachisanu pensulo imagona, ailandira Lamlungu. Ambiri amadikira. Awiri sanadikire.

Kujambula galu woseketsa sikovuta kwenikweni pa mizere. Chovuta ndi kudziwa amene akusekedwa. M'Chichewa mawu oti galu ndi chipongwe chachikulu. Munthu ukamunena kuti "galu iwe" wamuvula ulemu wonse, ndipo anthu amenyanapo chifukwa cha mawu awiri amenewa. Komabe chilankhulo chomwechi chimati galu wamkota sakandira pachabe, kumupatsa galu nzeru za munthu wamkulu woona patali. Wojambula amayenda pakati pa ziwirizi tsiku lililonse.

Tchuthi chapitachi bambo wina wa kwathu komweko anandiitana pambali pa msika wa Chiringa. Anali pa mkangano wa ufumu ndi m'bale wake, ndipo ankafuna chithunzi cha galu wovala chipewa chodziwika bwino cha m'bale wakeyo, ndevu zake, ngakhale mpata wa mano ake, atakhala pampando akunyambita mbale. Ndalama imene anatchula inali yoposa imene ndinapeza teremu yonse yapitayo, ndipo fizi inali isanakwane. Ndinawapempha tsiku limodzi loganiza, ndipo usiku umenewo sindinagone bwino. Nthabwalayo inali yabwino, sindinama. Ndinkachiona kale chithunzicho m'mutu. M'mawa mwake ndinawayankha kuti, "Bambo, mundikhululukire, Sindiyankha savala nkhope ya munthu." Anaseka monyoza, nati ana a sukulu timadzimva, ndipo anapita.

Chimene chinandiletsa ndi chomwe chija amayi a pa mjigo amachidziwa. Ndamvazanu satchula dzina la munthu. Wolakwa amadzimva yekha mumtima, wosalakwa amangoseka, ndipo mawa onse awiri angathe kubwerekana mchere. Khomo loti abwererane limakhala lotsegula. Koma ukaika ndevu za munthu pa galu, n'kuzitumiza m'mafoni a mudzi wonse, wamutukwana pamaso pa ana ake ndi apongozi ake, ndipo chithunzicho chidzakhalapo mkanganowo utatha kale. Ine ndidzabwerera kukoleji, koma mayi anga adzapitiriza kutunga madzi pa mjigo umodzi ndi akazi a bamboyo. Sindikunena kuti atsogoleri asamasekedwe. Ojambula a m'manyuzipepala amawajambula andale ndi nkhope zawo zenizeni, ndipo dziko limapindula nazo, pakuti amenewo anasankha okha kuima pagulu ndipo amagwira ndalama za anthu. Mkangano wa pachibale m'mudzi wa mabanja makumi angapo ndi nkhani ina.

Choncho Sindiyankha amaseka khalidwe, ndipo khalidwe kwathu silisowa. Amaseka mlendo wochokera kutauni amene amaopa galu wa nthiti koma saopa ngongole. Amaseka bambo amene amamutuma kulondera nkhokwe yopanda kanthu. Anyani akatsika m'phiri la Michesi kudzaba chimanga, iye amawerenga kaye kuchuluka kwawo, n'kukumbukira kuti ali ndi zochita kuseri kwa nyumba. M'chithunzi china akuwoloka malire kupita ku Mozambique, msilikali akumufunsa chiphaso, iye akuloza mchira wake.

Chithunzi cha malirecho chinandibweretsera funso limene sindinalithe mpaka pano. Namwino wina wa mumpingo mwathu atachiona sanaseke. Anandiuza kuti galu woyenda momasuka chotero ndi yemweyo amene amanyamula chiwewe kuchoka mudzi wina kupita wina, ndipo iye anaonapo mwana akumwalira nacho. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo mu Africa ndi Asia, kuti pafupifupi onsewo amachitenga kwa galu, ndiponso kuti anayi mwa khumi alionse ndi ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka, munthu sachira. Nanga ine ndikamaphunzitsa ana kukonda Sindiyankha, sindikuwaphunzitsa kuthamangira galu aliyense wa m'njira?

Ndinaganiza zosiya agalu n'kuyamba mbuzi. Koma mbuzi ilibe nkhope. Imaoneka chimodzimodzi pamaliro ndi paukwati. Ndipo nditawerenga zambiri ndinapeza kuti njira yothetsera chiwewe si kudana ndi agalu. Agalu 70 mwa 100 alionse m'dera akabayidwa katemera, matendawa amasowa podutsa. Bungwe la Mission Rabies linayamba ntchito imeneyi mumzinda wa Blantyre mu 2015, ndipo chaka chimenecho linabaya agalu oposa 35,000, uku likuphunzitsa ana m'masukulu. Amene amabweretsa galu kokabayitsa nthawi zambiri ndi mwana, atamumanga ndi chingwe kapena atamunyamula m'manja, chifukwa galu wa kumudzi amamvera mwana amene amamupatsa mkute. Mwana woopa galu sangamugwire, ndipo mudzi umene umangogenda agalu sungawasonkhanitse.

Kuyambira pamenepo Sindiyankha ali ndi ntchito yachiwiri, yosalipidwa. Ndajambula masamba anayi. Loyamba ali pamzere wa katemera, miyendo ikunjenjemera, akuuza kamwana ka galu kuti amuna salira. Lachiwiri akudya, mwana akubwera kumbuyo kwake, ndipo iye akutembenuka n'kunena kuti ngakhale amfumu sasokonezedwa pa nsima. Lachitatu ndi lachinayi mulibe nthabwala. Muli mwana wolumidwa akutsuka bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako ali panjinga ndi mayi ake kupita kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuona ngati galuyo apenge. Masamba awiri omalizawa anandivuta kuposa onse, chifukwa dzanja langa linazolowera kukokomeza, ndipo apa sipafunika kukokomeza chilichonse.

Aphunzitsi athu a njira zophunzitsira amakonda kunena kuti m'kalasi la ana ochuluka, lopanda mabuku okwanira, bolodi ndi choko ndizo zida zimene sizidzakusowa. Sindiyankha ndimatha kumujambula pabolodi ndi mizere khumi ndi iwiri, m'masekondi osakwana makumi atatu, ndipo ndinamuyesa kale pa ana a kwathu nthawi ya tchuthi: khutu lija likangogwa, phokoso limatha. Chaka chamawa tikupita kokaphunzitsa moyeserera. Ndapempha kuti ngati n'kotheka anditumize ku Phalombe, ndipo masamba anayiwo ndikufuna akhale atasindikizidwa pofika pa 28 Seputembala, tsiku lokumbukira chiwewe padziko lonse. Wosindikiza wa ku Ntcheu wandiuza mtengo wa makope 200. Powerengera mitengo yanga ya masiku ano, ndi agalu khumi ndi anayi ogulitsidwa, ndipo pofika sabata ino ndagulitsa asanu.