Chigubu Chimene Sichidadzaze



M'nyengo ya Lenti ya chaka cha 2019, ife a gulu la achinyamata kuno ku Manje tidatsuka chigubu cha malita 20 chimene kale chinkasungira mafuta ophikira. Tidaboola chivundikiro chake nkuchimanga ndi waya. Pangano lathu lidali lakuti aliyense aziponyamo ndalama zachitsulo zimene zamutsalira pobwera ku msika kapena potsika minibasi, ndipo chigubucho chikadzadzaza tidzagule malata ofolerera nyumba ya agogo ena amasiye a mumphakati mwathu, amene denga lawo linkadontha. Tidagwirizana kuti palibe wotsegula chisanadzaze. Makolo adati pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo ife tidaukhulupirira mwambiwo ndi mtima wonse.

Chaka choyamba chigubu chinkalira Lamulungu lililonse. Kenaka kulirako kudayamba kuchepa. Izi sizidachitike chifukwa cha kuuma mtima kwa achinyamata ayi, koma ndalama zachitsulozo zidayamba kusowa m'matumba mwathu. Mitengo ya zinthu itakwera, K1, K5 ndi K10 zidaleka kugula kanthu, ndipo ogulitsa ambiri adasiya kubweza chenji chotere. Mu 2022 Banki Yaikulu ya Malawi idatulutsa ndalama yapepala ya K5,000, ife tikadali kuwerengera tima K5 tathu. Nthawi yonseyi agogo aja ankatchera mabeseni pakama pawo mvula ikamagwa. Tinkawayendera, tinkawauza kuti apirire pakuti chigubu chikudzaza.

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, ndipo Manje ndi Chilobwe zidalira maliro osaiwalika. Agogo athu adapulumuka, koma chipupa cha nyumba yawo, chimene chidakhala chikumwa madzi kwa zaka zambiri, chidagwa. Abale awo adadzawatenga kupita nawo kumudzi ku Chiradzulu. Nzochititsa manyazi kunena, koma ngakhale pamenepo sitidatsegule chigubu. Ena adati pangano ndi pangano.

Tidachitsegula mu Disembala chaka chomwecho, chili chosafika ndi pakati pomwe. Tidakhuthulira ndalamazo pamphasa, anthu asanu ndi atatu, nkuyamba kuzisanja milumilu kuyambira masana mpaka dzuwa kulowa. Zala zidada bii ndi dzimbiri. Tidapeza ma K10 okwana 3,900, ma K5 okwana 1,700 ndi ma K1 okwana 1,115. Zonse pamodzi zidakwana K48,615. Mudalinso matambala akale, ena a nkhope ya Kamuzu Banda, ena a nkhope ya Bakili Muluzi, amene tidangowaika pambali popeza sagulanso kanthu. Ang'onoang'ono pakati pathu adali asadaonepo tambala, ndipo tidawafotokozera kuti kwacha idayamba kugwira ntchito mu 1971 m'malo mwa paundi, ndi kuti matambala 100 ndiwo amapanga kwacha imodzi. Adaseka, osakhulupirira kuti kandalama kotere kadagulapo chinthu.

M'mawa mwake tidanyamula katunduyo m'matumba awiri kupita ku banki ina ku Limbe. Kondakitala atakweza thumba limodzi adatifunsa ngati tanyamula miyala. Ku banki tidaima pamzere nthawi yaitali, ndipo titafika pakauntala mayi amene adatilandira adapumira m'mwamba, natiuza kuti tikhale pambali tiziike m'timajumbo, mtundu uliwonse pawokha. Anthu a pamzere ankatiyang'ana, ena akumwetulira. Pomaliza, katundu amene adatopetsa anyamata awiri adasanduka timapepala tochepa tokwana m'thumba la malaya.

Apa mpamene masamu adatiweruza. Mu 2019 dola imodzi ya ku America inkagulidwa ndi ndalama zosafika K800. Mu Meyi 2022 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti, kotero kuti dola idafika pafupifupi K1,700. Tanthauzo lake nlakuti K10 imene idagwera m'chigubu chaka choyamba chija idatuluka ili ndi mphamvu yosafika theka la imene idalowa nayo. Palibe mbala idathyola waya uja, komabe tidaberedwa, ndipo amene adatsegulira wakubayo khomo ndife tomwe ndi kudikira kwathu. Tikadatsegula kumapeto kwa chaka choyamba, tikadagula malata awiri kapena atatu okha, koma akadakwanira kufolera pamene padali kama wa agogo.

Tidagula ufa, bulangete, sopo ndi shuga nkupita ku Chiradzulu. Agogo adatilandira pakhonde, natigwira m'manja mmodzimmodzi. Titawafotokozera zonse mwamanyazi, iwo adaseka nati, "Ana anga, denga lija lidakudikirani mpaka lidatopa. Koma mwabwera, khalani pansi." Mawu amenewa adatilasa kuposa chidzudzulo chilichonse.

Kawirikawiri timakumbukira mayi wamasiye wa m'mutu 12 wa Uthenga Wabwino wa Marko chifukwa cha kuchepa kwa timakobidi take tiwiri. Ife taphunzirapo chinanso: mayiyu adapereka tsiku lomwelo. Sadadikire kuti tichuluke kuti mphatso yake ioneke yolemekezeka. Tikadzifunsa moona, ife chimene tinkafuna sichidali denga lokha. Tinkafunanso tsiku lalikulu, lodzanyamula malata m'misewu ya Manje anthu akuona. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Sitikunena kuti kusunga nkoipa. Kusunga ndi mwambo wabwino, ndipo wachinyamata aliyense ayenera kuuphunzira. Koma chosungira mnzathu amene ali pamavuto chiyenera kukhala ndi tsiku lotsegulira, ndipo tsikulo lizichokera ku vuto lake, osati ku kukula kwa chigubu chathu. Nchifukwa chake tsopano timatsegula kumapeto kwa mwezi uliwonse, zichuluke zichepe, ndipo sabata yomweyo zimafika kwa mwini wake.

Sabata ino aliyense wa ife adzifunse: kodi ndani amene ndakhala ndikumuuza kuti apirire pamene chothandizira chili kale m'manja mwanga? Kaya ndi K500, kaya ndi ulendo wokaona wodwala, kaya ndi mawu opepesa, tisadikire kuti chidzaze. Mvula ya chaka chino siidzafunsa ngati takonzeka.