Galu Womasuka Ali ndi Mwini Wake

Amayi anzanga, pali mawu amene ndawamva kambirimbiri pa zaka zimene ndakhala ndikuyendera magulu athu, m'tauni ndi kumudzi komwe. Ukafika pakhomo galu nakuthamangira akuuwa, eni nyumba amafuula ali khale pakhonde kuti, "Fikani mayi, saluma ameneyo!" Kunena zoona iwo sanama, pakuti galu saluma dzanja limene limamuponyera mkute. Koma mwana wopita ku sukulu ndi mayi wosenza ndowa alibe pangano lililonse ndi galuyo.

Sindidana nawo agalu ayi, ifenso kwathu tili naye, ndipo m'masiku ano a mbava ndani angamudzudzule munthu woweta mlonda? Chovuta ndi chakuti usiku timamumasula, koma kukacha palibe amene amakumbukira chingwe. Abambo amati galu ndi wawo, namupatsa dzina loopsa, kenaka n'kunyamuka ulendo wa kuntchito kapena kudimba. Wotsala naye pakhomo, womuphikira madeya, ndi ife. Tikamuiwala, njala imamutsogolera kudzala, kumsika, kumjigo ndi ku bwalo la mpira kumene ana a mudzi wonse amasewera.

Pa bwalo lotere ndi pamene mwana wa mayi wina wa m'gulu lathu, mtsikana wa Sitandade 2, analumidwa pakatumba Loweruka lina masana. Ankasewera fulaye ndi anzake, ndipo pothawa mpira galu anayesa nyama. Agogo ake, mwa chikondi chawo, anafuna kuthira tsabola ndi phulusa pabalapo. Mwamwayi panali mayi wina amene anamvapo uphungu wa azaumoyo, ndipo anamutengera mwanayo pampopi namutsuka ndi sopo ndi madzi oyenda. Kutsukako kumayenera kutenga mphindi 15 zathunthu, ngakhale mwana alire chotani. Mphindi 15 ndi nthawi yaitali kwa mayi amene wagwira mwendo wa mwana wotuluka magazi, koma sopoyo amachotsa tizilombo tambiri tisanalowe m'thupi. Pambuyo pake bala silimangidwa ndi mankhwala achikuda, ulendo ndi wa kuchipatala tsiku lomwelo.

Chimene tonse tinkaopa, ngakhale panalibe wochitchula, ndi chiwewe. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka, makamaka muno mu Africa ndi ku Asia, ndipo pafupifupi onsewo amawatenga kwa galu. Mwa anthu 10 alionse, 4 amakhala ana osafika zaka 15, kaamba kakuti mwana ndi wamfupi, amalumidwa pafupi ndi mutu, ndiponso nthawi zina amabisa poopa kukalipiridwa. Tizilomboto timayenda pang'onopang'ono m'mitsempha kulowera ku ubongo, mwina masabata, mwina miyezi, bala litapola kalekale. Munthu akayamba kuopa madzi ndi kubwebweta, palibenso dokotala amene angamubweze. Komatu katemera wake si wachilendo: Louis Pasteur wa ku France anamuyesa koyamba m'chaka cha 1885 pa mnyamata wa zaka 9 amene analumidwa ndi galu, ndipo mnyamatayo anakhala ndi moyo.

Tsono nkhani inakula pofuna mwini galu. Aliyense ankamudziwa galuyo, wofiirira, wodulidwa mchira, koma titafika pakhomo pake bambo wa m'nyumbamo anati, "Agalu ofiira ndi ambiri, mayi. Wanga sachoka pano." Galuyo anali atamuthawitsira kale kwa mlamu wake. Apa ndi pamene mtima wanga unawawa koposa, pakuti kubisako ndiko kunali koopsa kuposa mano. Galu woluma munthu amayenera kumangidwa ndi kuyang'aniridwa masiku 10. Akakhalabe wathanzi, achipatala amadziwa kuti sanapatsire chiwewe. Mwini galu akatulutsanso chiphaso cha katemera, makolo amagona tulo. Pomubisa, bamboyo anasiya banja lonse mumdima, mayi wa mwana akukwera minibasi kupita ndi kubwerera kangapo kukabayitsa jakisoni, geni yake ya tomato itaima.

Tinapita kwa akazi ake, ife amayi atatu, madzulo abambo kulibe. Sitinapite ndi ndewu. Tinakhala pamphasa ndipo mmodzi wa ife anangoti, "Achemwali, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Akanakhala wanu uja wa chaka chatha mukanatani?" Mayiyo anagwetsa misozi, naulula kuti galuyo sanabayitsidwepo chibadwire. Mawa lake galu anabwerera, namangidwa pamtengo wa mango, ndipo nkhani inapita kwa amfumu. Iwo anagamula kuti banjalo libweze ndalama zonse za ulendo wa kuchipatala. Bamboyo analipira monyinyirika, m'magawo atatu, ndipo kufikira lero satipatsa moni bwino. Mwana anachira, chipsera chokha ndicho chatsala, koma bwalo lija amalilambalala.

Ena amati katemera wa galu ndi wa anthu olemera a kumayadi. Si zoona. M'chaka cha 2015 bungwe la Mission Rabies linabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre pa masiku 20 okha, mwaulere, ena pamalo osonkhanira, ena khomo ndi khomo. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 alionse akabayidwa, chiwewe chimasowa podutsa. Chimene chinandichititsa chidwi pa masiku a katemera amene ndaonapo ndi chakuti ambiri okoka agalu pamzere amakhala ana, akuluakulu ali kunyumba.

Ndinenepo za kamangidwe, popeza ena akamva kuti mangani galu amatenga waya wamfupi namusiya padzuwa tsiku lonse wopanda madzi. Galu wotere amasanduka chilombo, ndipo tsiku limene wayayo adzaduke adzaluma woyamba kukumana naye. Chingwe chikhale chachitali, pamthunzi, mbale ya madzi pafupi, kapena amangiridwe kakhola. Womutenga kukayenda naye pamene pali anthu agwire chingwecho m'manja, ndipo asakhale mwana amene galu angamukoke. Galu wamkazi amene ali ndi tiana ndiye wosayenera n'komwe kumusiya pafupi ndi njira.

M'gulu lathu tinapangana kuti pamsonkhano wa mwezi wa September, popeza pa 28 ndi tsiku lokumbukira matenda a chiwewe pa dziko lonse, mayi aliyense woweta galu azibwera ndi chiphaso cha katemera pamodzi ndi buku lake la chipereganyu. Wopanda chiphaso timamuperekeza kwa alangizi a ziweto sabata yomweyo. Pa bwalo la mpira lija pakadali agalu awiri, wakuda ndi wamawanga, amene eni ake sitinawapezebe, ndipo amfumu alonjeza kufunsa pa msonkhano wa mudzi ukubwerawu.