Zithunzi Zoyenda ndi Nkhope ya Dziko Lathu

Ife amene tiphunzitsa ana m'sukulu za ku Machinga ndi ku Balaka tiona chinthu chotidabwitsa. Mwana amene aiwala phunziro la dzulo akhoza kufotokoza kanema yense amene anaona m'kanyumba ka vidiyo pa Ulongwe kapena pa Ntaja, wosaphonya kanthu. Chotero kanema ndiye mphunzitsi wamphamvu, ndipo kutiyenera ife kudziwa chimene aphunzitsa.

Nkhani imeneyi si ya lero ayi. Kuyambira 1935 kufikira 1937 bungwe la International Missionary Council linayesa ntchito yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment. Atsogoleri ake, Notcutt ndi Latham, anakhazika malo awo ku Vugiri m'dziko la Tanganyika, najambula zithunzi zoyenda 35, nayenda nazo pa galimoto kufikira kuno ku Nyasaland. Zithunzizo zinali zosalankhula, koma mawu anatuluka m'mbale za galamafoni. Zinalangiza anthu kusunga ndalama ku positi, kukonza zikopa ndi kupereka msonkho. Mu 1948 ntchito yonga yomweyo inayambanso ku Salisbury, dzina lake Central African Film Unit. Malangizo ena anali abwino ndithu, koma wosankha nkhani anali mlendo, ndipo makolo athu anaonetsedwa kawirikawiri monga ana osowa nzeru.

Tsono taonani kanema wa 2019, The Boy Who Harnessed the Wind, amene Chiwetel Ejiofor anajambula ku Wimbe m'boma la Kasungu. Asimba za William Kamkwamba, mnyamata amene analeka sukulu posowa ndalama m'njala ya 2001 ndi 2002, nawerenga buku la m'laibulale, napanga makina a mphepo opatsa magetsi. Pano tiyamika, pakuti wanzeru ndiye mwana wa m'mudzi, ndipo dothi, minda ndi gule wamkulu zimene tiona nzathu zenizeni. Koma khutu lathu lidandaula. Wosewera William ndiye Maxwell Simba wa ku Kenya, ndi Ejiofor mwini asewera atate ake. Chichewa chawo chipunduka, kotero kuti nkhalamba ya kwathu ivutika kumva. Lily Banda, mwana wa dziko lino, akalankhula, pomwepo timva kuti tafika kwathu.

Wina wa ife, Shemu Joyah, anatulutsa The Last Fishing Boat mu 2012. M'menemo nyanja si malo okongola ongokondweretsa alendo, koma munda wa msodzi amene nsomba zamthera, ndi banja lake ligwedezeka. Mwini dziko aona chimene wapaulendo sachiona.

Nanga ife tichitenji? Kuletsa ana sikudzathandiza, pakuti madzi otsekeredwa afuna njira ina. Koma mwana akabwera koonera, timfunse: Wajambula ndani? Wajambula kuti? Kodi anthu a m'menemo awalemekeza kapena awanyoza? Mwana wozolowera mafunso awa sadzameza chilichonse.

Ndiponso tisayese kuti nkhani zabwino zili kutali kokha. Mtsinje wa Shire pa Liwonde, phiri la Chikala ndi asodzi a ku Chiuta zidikira wozijambula. Ngati ana athu saphunzira ntchito iyi, adzabweranso ena kudzatiuza m'mene tionekera.