Laputopu Ikakana Kuyaka, Musathamangire Kufomata

Kwa ife ophunzira zauphunzitsi, laputopu ndiyo nkhokwe: ma lesson plan onse a teaching practice amakhala mmenemo. Yanga inakana kuyaka batire itatha update ili mkati. Anzanga anati ndikaifomate, koma ndikanataya ntchito ya miyezi itatu.

Pa Windows 10 ndi 11 pali njira ina. Iyatseni, ndipo chizindikiro chikangooneka, kanikizani batani loyatsira osasiya mpaka izime. Mukatero kawiri kapena katatu, Automatic Repair imatseguka yokha. Pitani pa Advanced options, Troubleshoot, Advanced options, kenako Uninstall Updates. Update yokha ndiyo imachoka, mafayilo amatsala. Yanga inayaka motero.

Abale, musanayambe update, tchajani batire ndipo sunganinso ntchito yanu pa flash.