Liu Lakuti Transport

Mnyamata wa ku Chilenje akati, "Amalume, ndipatseniko transport," afuna ndalama ya basi yomfikitsa ku Cairo Road. Amalume amva msanga, koma Mngelezi angayese kuti mwanayo apempha galimoto. Pakuti m'Cingelezi liuli litanthauza nchito yonyamula anthu ndi katundu, ija makolo ankaicha mtengatenga akali kusenza pamutu. Linacokera ku Cilatini: trans ndiko kutsidya, portare ndiko kunyamula. Siliwerengeka monga mbuzi. Mabasi awiri sakhala two transports ai. Likakhala dzina, munthu atsindika trans. Likakhala mneni, atsindika port. Tsono mnyamata uja polemba kalata yofunsira nchito, ndalama ya basi aziicha fare, cifukwa kalaliki ali nao makalata ambiri oti asankhepo.