Wailesi ya Amalume

Pamene tinabwerera ku sukulu teremu ino, anzanga a m'nyumba yathu yogona anandifunsa cimene cinasupula zala zanga. Ine ndinawayankha mwacidule kuti ndinali kuthandiza amalume nchito ya galimoto. Yankho limenelo linali loona ndithu, koma linali losakwanira. Tsono popeza akonzi a magazini yathu atipempha kulemba zimene tinaona pa chuthi, ndaganiza kuti ndifotokoze nkhani yonse, pamodzi ndi mbali ija imene indicititsa manyazi.

Amalume anga akhala pafupi ndi boma la Dedza. Iwo ndi makanika, ndipo ali ndi galimoto yaing'ono ya pikiapu imene anyamulira mbatata ya kacewere kumka nayo ku misika. M'mwezi wa March caka ca 2023, pamene namondwe wa Freddy anaononga cigawo ca kum'mwera, iwo anali ku Mulanje ndi katundu wao. Milatho inakokoloka, magetsi anazima, ndipo mafoni anangoti zii. Kwa masiku anai sitinadziwe ngati ali moyo, ndipo agogo anakana nsima masiku onsewo. Atabwera kumudzi, amalume ananena kuti safunanso kukhala ngati wosalankhula pa ulendo cifukwa ca mlongoti wa foni umene wagwa kapena wasowa magetsi. Anayamba kuphunzira za wailesi ya anthu ochedwa amateur, analandira laisensi ku MACRA, ndipo pa chuthi ca August anandiitana kuti ndikawathandize kuika wailesiyo m'galimoto.

Kwa inu amene simunaione, wailesi imeneyi isiyana ndi ija timverera nyimbo ndi nkhani. Iyi imamva ndiponso imalankhula, ndipo mau ace apita kwa munthu wina wa wailesi yotereyi popanda kudzera pa mlongoti wa kampani iri yonse. Lamulo sililola kucitirapo malonda kapena kuimbirapo nyimbo. Amalume sangafunsirepo mtengo wa kacewere. Munthu ali yense ali ndi dzina lace la pa wailesi, ndipo ciyambi ca dzinalo cionetsa dziko. A kuno kwathu ayamba ndi 7Q, a ku Zambia ndi 9J, a ku Mozambique ndi C9, a ku Zimbabwe ndi Z2. Dziko lino lisanalandire ufulu m'caka ca 1964, pamene linali kuchedwa Nyasaland, ciyambi cace cinali ZD6.

Ine ndinapita ku Dedza ndi mtima wodzikuza. Ndinali nditakhoza bwino mayeso a sayansi, ndipo ndinadziwa kuti amalume analekezera sukulu ku pulaimale. Mumtima mwanga ndinati, “Ine ndidzaganiza, iwo adzagwira sipanala.”

Tsiku loyamba tinacita nchito ya magetsi. Ine ndinafulumira kupereka nzeru yakuti tingolumikiza wailesi pa kabowo kaja koyatsira ndudu, pamene anthu acajirapo mafoni. Amalume anaseka nati, “Mphwanga, wailesi iyi polankhula ndi mphamvu yace yonse ya mawati 100 imamwa maampu okwana ngati 20. Kawaya ka kumeneko kangatenthe ngati nsinga pa makala.” Cotero tinatenga mawaya awiri onenepa, wofiira ndi wakuda, ndi kuwatengera molunjika ku batire. Pa waya wofiira tinaika fyuzi pafupi penipeni ndi batire, kuti waya akadzaperepeseka ndi kukhudza citsulo, ipse fyuziyo, galimoto ipulumuke. Pamene mawayawo alowera kucokera ku injini kumka kokhala anthu tinaikapo kamphira kozungulira, cifukwa citsulo cakuthwa cimadya waya pang'ono pang'ono galimoto ikamadumpha m'maenje. Wailesi yeniyeniyo tinaimangirira kuseri kwa mpando, pamene dzuwa silifika koma mpweya upita.

Tsiku laciwiri linali la eriyo, ndipo apa ndinaonetsa masamu anga. Mafunde a wailesi athamanga makilomita 300,000 pa sekondi. Amalume anafuna kulankhula pa 7 MHz, ndiko kuti mafunde 7,000,000 pa sekondi iri yonse. Tsono funde limodzi litalika mamita oposa 40 pang'ono. Eriyo yoimirira iyenera kukhala gawo limodzi la magawo anai a funde, ndiwo mamita 10. Ndinawauza monyada kuti nchito yathu njosatheka, pakuti galimoto ya mlongoti wa mamita 10 singadutse pansi pa mtengo wa mango kapena pansi pa mawaya a magetsi. Amalume sananditsutse. Anangoturutsa m'nyumba eriyo imene anaiyembekeza miyezi itatu kucokera ku Johannesburg. Inali yosaposa mamita awiri ndi theka: pansi ndodo yolimba, pakati koilo ya waya wa mkuwa wokulungidwa kambirimbiri, ndipo pamwamba kamkwapulo koonda kacitsulo. Koiloyo ndiyo ilipira utali umene wasowa, kotero kuti wailesi iona ngati eriyo njaitali.

Kenaka ananena mau amene ndinawamva ndi khutu limodzi. Anati, “Ici uonaci ndi theka cabe la eriyo. Theka linalo ndi galimoto yeniyeniyi. Monga babu siliyaka ndi waya mmodzi, eriyo iyinso siigwira nchito ngati tsinde lace silikhudzana bwino ndi thupi la galimoto. Utoto ndi dzimbiri sizipititsa magetsi.” Tinaboola m'mphepete mwa bokosi la katundu, kuseri kwa kokhala woyendetsa, kuti tiikepo citsulo cogwira eriyo. Tinadulanso timalamba tinai ta mkuwa wolukidwa, tolumikiza bokosi la katundu, boneti, ndi paipi ya utsi ku citsulo cacikulu ca pansi pa galimoto, kuti zonsezo zikhale ngati citsulo cimodzi.

Tisanamange mabauti, kunabwera uthenga wa maliro ku mudzi wa tsidya. Amalume anasamba m'manja, nandipatsa sandipepa nati, “Upale utoto paliponse pamene citsulo cikumana ndi cinzace, mpaka pawale ngati ndalama yatsopano. Ukatero umange.”

Atacoka, ndinakwawira pansi pa galimoto ndi kuyesa pamalo amodzi. Utoto unali wolimba, pakuti galimotoyo inapakidwa kawiri, ndipo fumbi linali kundigwera m'maso. Nthawi yomweyo ndinamva mluzu ku bwalo la mpira. Pamenepo mutu wanga uja wa sayansi unandipezera cifukwa: bauti ndi citsulo, ndipo alowa m'bowo la citsulo, nanga kupala nkwa ciani? Ndinamanga mabauti onse mwamphamvu pamwamba pa utoto, ndi kuthamangira ku mpira. Madzulo pa nsima amalume anandifunsa kuti, “Wapala?” Ine ndinati, “Inde, amalume.” Mau awiri okha, ndipo ndinawanena mosabvuta.

M'mawa mwace tinaturutsa galimoto poyera, kutali ndi nyumba ndi mitengo, kuti tiyese. Pakati pa wailesi ndi cingwe ca eriyo amalume anaika kacipangizo ka kamuvi kochedwa SWR mita. Nchito yace ndi kuonetsa ngati mphamvu yocokera m'wailesi ikuturuka pa eriyo kapena ikubwerera. Kamuvi kakaima pafupi ndi 1 ndiye kuti zonse ziri bwino, pa 1.5 palibe codandaula. Koma kakafika pa 3, mphamvu yambiri ikubwerera, ndipo wailesi imacepetsa yokha mphamvu yace, kapena ziwalo zace za m'kati zikhoza kupsa. Amalume anandicenjeza kuti ndisakhudze eriyo pamene akulankhula, cifukwa imaocha. Anatsitsa mphamvu, nasindikiza batani. Kamuvi kanadumpha kupitirira 3.

Anamasula kasukulu kogwira kamkwapulo, nakatsitsa pang'ono m'koilo, nayesanso. Palibe cinasintha kweni kweni. Anakakweza, anakatsitsa, anaona cingwe kucokera ku mutu mpaka ku mcira. Dzuwa linakwera. Ine ndinaima pambali, ndikupereka sipanala pamene aipempha, ndipo pakhosi panga panali pouma. Ndinadziuza kuti kapena bvuto liri kwina, kapena eriyoyo inabwera yoonongeka. Potsiriza amalume anapukusa mutu nati, “Kapena kamkwapulo aka nkatali. Bweretsa maceka.”

Ndinawabweretsa ndi manja anga. Ndinapenya pamene anaceka kacidutswa ka masentimita awiri, ndipo kanagwa m'fumbi pafupi ndi phazi langa. Anayesanso, kamuvi kanabwerera pomwe paja. Anayezanso masentimita ena awiri ndi cala, naika maceka. Apo mpamene ndinazindikira bwino kuti citsulo cocekedwa sicimeranso ngati cinangwa, ndi kuti ndalama za matumba ambiri a kacewere zinali kutha pang'ono pang'ono cifukwa ca “inde” wanga.

“Amalume, musacekenso.”

Anandiyang'ana osalankhula.

“Sindinapale utoto. Ndinangomanga.”

Ndinayembekeza kukalipiridwa, ndipo kunena zoona kukanandipepukira. Koma iwo anaika maceka pansi, natola kacidutswa kaja ndi kukaika m'thumba la ovololo. Patapita kanthawi anati, “Pamene unatsamira citseko cija ndinaona kamuvi kakugwedezeka, ndipo ndinaganiza za utoto. Koma iwe unati wapala. Ndinasankha kukhulupirira mwana wa mlongo wanga koposa kacipangizo aka.” Atatero anandipatsa sandipepa yatsopano, nakakhala pa khonde.

Ndinamasula mabauti onse khumi ndi awiri. Ndinapala pansi pa citsulo ca eriyo, mbali zonse ziwiri, ndi pa nsonga za timalamba tonse. Sandipepa itatha ndinapala ndi mpeni wakale, ndipo kumeneko ndiko kunacokera mabala a zala zanga. Pamalo ali onse ndinawaitana kuti adzaone ndisanamange, ngakhale iwo sanandiuze kutero. Titamanga tinapakapo girisi pamwamba, kuti dzimbiri lisabwerere nyengo ya dzinja. Amalume anasindikiza batani. Kamuvi kanakwera pang'ono nkuima. Anasolola kamkwapulo kufikira pothera pace, popeza tsopano kanali kafupi, ndipo kamuvi kanatsikira pa 1.5. Sindinaonepo nambala yokongola ngati imeneyo, ngakhale pa pepala la mayeso.

Panatsala bvuto limodzi. Injini ikalira, m'wailesi munali kumveka phokoso ngati cimanga cokazinga, locokera ku mapulagi, pakuti galimotoyo njapetulo. Ndiponso kamluzu kocokera ku altaneta, kokwera ndi kutsika pamodzi ndi injini. Timalamba ta pa boneti ndi pa paipi ya utsi tinali titacepetsa kale phokosolo, ndipo titasuntha cingwe ca eriyo kucicotsa pafupi ndi mawaya a injini, mau a anthu anayamba kumveka bwino.

Madzulo a tsiku lomwelo tinakwera ndi galimoto pa citunda cina ca kunja kwa boma. Kunali cisanu ca ku Dedza cija mucidziwa, ndipo phiri linali litabvala mtambo. Amalume anazimitsa injini, namvera kaye ngati pali wina akulankhula, kenaka anaitana m'Cingerezi kuti “CQ, CQ,” ndiko kuitana ali yense wakumva, nachula dzina lao la 7Q. Anaitana katatu, kunali kungomveka phokoso ngati mvula ya kutali. Kacinai, m'kati mwa phokosolo munaturuka mau a bambo wina wa dzina la 9J. Anati ali ku Lusaka, mtunda woposa makilomita 600. Mafunde otere akwera kumwamba, nagunda mpweya wa kutali wochedwa ionosphere, nabwerera pansi kuseri kwa mapiri. Ndimo mmene mau a amalume anaolokera Luangwa. Bamboyo atamva kuti tiri ku Malawi anasiya Cingerezi nati, “Muli bwanji kumeneko?” Amalume anaseka mpaka misozi.

Ine sindinalankhule, pakuti ndiribe laisensi. Nchito yanga inali kulemba m'buku dzina la bamboyo, pamene tinamupeza pa wailesi, ndi nthawi. Anthu a wailesi alemba nthawi ya UTC, imene iri m'mbuyo mwa nthawi yathu ndi maora awiri, kuti mabuku a m'maiko onse agwirizane. Nditalemba, amalume anayang'ana bukulo, nalitseka osandifunsa ngati ndalemba zoona. Cimeneco cinandikhudza koposa mau a ku Lusaka.

Pobwerera, ana a m'mudzi anathamangira galimoto akuloza eriyo ndi kukuwa. Onse anayamikira ndodo yaitali ija yowala. Palibe ndi mmodzi yemwe anawerama kuona timalamba ta mkuwa pansi pa galimoto, ndipo nanenso ndikanakhala mmodzi wa iwo ndikadapanda kugona m'fumbi tsiku lonse.

Tsiku lobwerera kuno, amalume anandiperekeza ku basi, ndipo potsazikana anaika kanthu m'dzanja langa. Kanali kacidutswa kaja ka masentimita awiri. Ndakasunga m'bokosi langa la masamu, pamodzi ndi kampasi. Lacitatu lapita, pamene tinali kuyesa mawaya m'cipinda ca sayansi ndipo nambala zathu zinakana kugwirizana ndi za m'buku, mnzanga wina anati tingolemba zimene aphunzitsi afuna. Ndinatsegula bokosi kuti nditenge rula, ndinakaona, ndipo tinabwereza kuyesako.

Ndikatsiriza Folomu 4 ndifuna kupempha laisensi yanga. Anthu a wailesi potsazikana amati 73, ndiko kuti mafuno abwino. Nanenso nditi 73 kwa aphunzitsi athu ndi kwa inu nonse anzanga.

Mnyamata wa Folomu 3